Khobidi Loboola la m'Chitini cha Azakhali

Azakhali anga atamwalira, tsiku logawa katundu wawo tinapeza kachitini ka mafuta odzola pansi pa sutukesi, katakulungidwa m'kansanza ka chitenje. Titakagwedeza kanalira. M'katimo munali makobidi oposa makumi awiri. Ambiri anali a tambala, a nkhope ya Kamuzu, koma asanu ndi awiri anali aja oboola pakati, akuda ngati kunsi kwa mphika wa pamafuwa. Ndinatenga limodzi n'kutuluka nalo pakhonde pomwe panali kuwala. Njovu ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uko, bowo lili pakati pawo, chisoti chachifumu chili pamwamba. Kuseri kwake kuli dzina la dziko limene kulibenso, Rhodesia and Nyasaland, ndi chaka cha 1962.

Mphwanga sanafune kuchedwa. "Achimwene, awatu ndi mamiliyoni," anatero akundilanda chitinicho. "Kuli anthu akuwafuna m'tauni, akuti m'kati mwake muli mankhwala." Madzulo ake anakhala kuseri kwa khitchini ndi phulusa, ndimu ndi kansalu, n'kukwecha anayi mwa makobidi oboolawo mpaka anachita kuti psuu, ngati angotuluka kumene kosulira. Anabwera nawo akumwetulira. Pa nthawiyo inenso ndinaona ngati wachita bwino. Zinanditengera zaka, ndikuwerenga ndi kufunsa, kuti ndidziwe kuti pa makobidi asanu ndi awiri aja, atatu amene sanawakhudze ndiwo anatsala ndi kanthu, ndiponso kuti ngakhale atatuwo mtengo wake sungagule thumba la chimanga.

Kutolera ndalama zachitsulo zakale ndi chizolowezi cha makedzana. Wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, amanena kuti mfumu Augustus inkapatsa anthu ndalama zakale ndi za mayiko ena ngati mphatso pa zikondwerero. Petrarch wa ku Italy, m'zaka za m'ma 1300, ankagula makobidi a Aroma kwa alimi amene ankawafukula polima m'minda ya mpesa. Kwa nthawi yaitali anali masewera a mafumu ndi anthu olemera, koma lero ana asukulu, madalaivala ndi aphunzitsi opuma pantchito m'mayiko ambiri ali nawo m'mabuku ndi m'timabokosi. Ndipo paliponse pamene anthu amatolera, funso limakhala lomwe lija la pakhonde pa azakhali: kodi n'chiyani chimapangitsa khobidi lina kugulidwa mtengo wa nyumba pamene linzake, lofanana nalo m'maso, silifika ngakhale pa mtengo wa mpukutu wa buledi?

Yankho limene aliyense amathamangira ndi ukale, ndipo ndi lolakwa. Makobidi amkuwa a nthawi ya mfumu Constantine, a zaka zoposa 1,600, amagulitsidwa madola ochepa chabe ku Ulaya, chifukwa Aroma anawasula ochuluka zedi ndipo mpaka lero amafukulidwa m'mitsuko yathunthu. Pomwe ku Britain kuli ndalama ya 50 pence ya mu 2009, yokumbukira munda wa zomera wa Kew Gardens, imene anthu amailimbirana pa mtengo woposa mapaundi 100. Chifukwa chake n'chakuti inasulidwa 210,000 yokha m'dziko lomwe ndalama zina zotere zimasulidwa mamiliyoni. Khobidi la dzana lomweli laposa la nthawi ya makolo a makolo.

Komanso chiwerengero chimene chinasulidwa sichimaliza nkhani. Chofunika ndi kuchuluka kwa amene anapulumuka. Mu 1933 ku Philadelphia anasula ndalama zagolide za madola 20, zotchedwa Double Eagle, zokwana 445,500. Zisanatuluke, Pulezidenti Franklin Roosevelt analetsa anthu kusunga ndalama zagolide, ndipo boma linalamula kuti zonse zisungunulidwe. Ziwiri zinapita kumalo osungirako zinthu zakale a Smithsonian, zina zowerengeka zinatuluka mozemba. Imodzi inakafika m'manja mwa Farouk, mfumu ya ku Egypt, mu 1944, ndipo chodabwitsa n'chakuti boma la America lenilenilo linapereka chilolezo choitulutsira kunja lisanazindikire kuti inali yakuba. Farouk atachotsedwa pampando mu 1952 ndalamayo inasowa, n'kudzaonekanso mu 1996 ku New York. Mlandu unatenga zaka, mpaka anagwirizana kuti imodzi yokhayi munthu aloledwe kukhala nayo. Inagulitsidwa pa $7.59 miliyoni mu 2002, ndipo mu June 2021 ku Sotheby's inapita pa $18.9 miliyoni. Golide amene ali m'menemo sakwana n'komwe aunsi imodzi. Wogulayo analipira mbiri, analipira chikalata cha boma, analipiranso kuti palibe wina aliyense padziko angakhale nayo mwalamulo.

Nkhani imene ine imandiphunzitsa koposa ndi ina, yosatchuka. Dola yasiliva ya America yotchedwa Morgan, yosulidwa ku New Orleans mu 1903, inkaonedwa ngati imodzi mwa zosowa kwambiri pa mtundu wake. Anthu ankakhulupirira kuti pafupifupi zonse zinasungunulidwa, poti lamulo la mu 1918 linachititsa kuti madola asiliva oposa 270 miliyoni alowe m'ng'anjo. Pofika 1962 yosagwirapo ntchito inkalembedwa mtengo wa $1,500. Kumapeto kwa chaka chomwecho boma linatsegula chipinda china chosungiramo ndalama n'kupeza matumbamatumba a dola yomweyo, zatsopano, zonyezimira. Pa masabata ochepa mtengo unagwa kufika pa madola osakwana 50. Amene anagula dzulo lake sananyengedwe ndi munthu. Ndalama yawo inali yeniyeni, yokongola monga kale. Chimene chinasintha ndi chimodzi: anthu anadziwa kuti zilipo zambiri. Kusowa kwa khobidi ndi zimene tikudziwa lero, ndipo mawa mtsuko ukhoza kufukulidwa.

Palinso china: ofuna chinthucho alipo angati? Khobidi likhoza kukhala losowa ndithu, koma ngati olisaka ndi anthu khumi padziko lonse, mtengo wake umakhala pansi. Ndalama za America zimadula chifukwa otolera kumeneko ndi ochuluka ndipo matumba awo ndi akuya. Za South Africa zili ndi msika wakewake wamphamvu. Ya paundi imodzi yagolide yotchedwa Single 9, ya nthawi ya Paul Kruger, ilipo imodzi yokha: zidindo za chaka cha 1899 zitalephera kufika ku Pretoria, anatenga ya 1898 n'kukhomapo 9, koma nambalayo inakula n'kukhudza chithunzi cha Kruger, ndiye pa zina 130 zotsatira anakhomapo 99 waung'ono. Mu 2010 inagulidwa pa R20 miliyoni. Zathu za kuno, za Chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland ndi za ufulu, otolera ake alipo, makamaka ku Britain, South Africa ndi pakati pa anthu amene anakhalako kuno, koma si ambiri, ndipo makobidi oboola aja anasulidwa mamiliyoni. Pa ndalama za Chitaganya, imene otolera amavutika kuipeza ndi hafukoloni ya 1957, osati peni ya njovu imene ili m'chitini cha pafupifupi banja lililonse.

Tsono za mankhwala zija zimachokera kuti? Mphekesera yakuti ndalama zakale zili ndi mphamvu yobisika, kapena madzi ofiira a mtengo wapatali amene azungu akuwafuna, yazungulira chigawo chino kwa zaka zambiri. Ku Tanzania imakhudza kwambiri ndalama za rupia za nthawi ya Ajeremani, kwina imakhudza masimbi akale amakala. Peni yoboola ndi mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina pang'ono, basi. Bowo lija silibisa kanthu. Linkathandiza kuisiyanitsa ndi ndalama zina ndiponso anthu ankaitunga pachingwe poti zovala zambiri zinalibe matumba. Akathyali amadziwa kuti mtima wa munthu wosauka ukamva za mamiliyoni umasiya kufunsa. Machenjera awo ndi amodzimodzi nthawi zonse: wina amabwera kudzafuna khobidi pa mtengo waukulu, mnzake amaoneka tsiku lotsatira ali nalo loti agulitse, kapena amati mulipire kaye ya "kuyezetsa". Mukalipira, foni imazima. Ndikudziwa bambo wina wa kumudzi kwathu amene anagulitsa mbuzi ziwiri mwa njira imeneyi, ndipo mpaka lero akaona khobidi loboola amatembenukira kumbali. Zimandiwawa, chifukwa chimene anam'bera si mbuzi zokha.

Tifike pamene pagona nkhani, pa magiredi. Aliyense amene anaperekezapo mabelo a fodya ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe amadziwa kuti fodya si fodya chabe. Masamba a munda umodzi, a mlimi mmodzi, amasiyana mtengo malinga ndi mtundu, kutalika, kukhuthala ndi mawanga, ndipo mlimi amaima chapatali mtima uli m'mwamba kudikira kuti wina alembe chiyani pa tikiti. Ndalama zakale nazo n'chimodzimodzi. Makobidi awiri a chaka chimodzi, osulidwa ndi chidindo chimodzi tsiku limodzi, akhoza kusiyana mtengo kakhumi, ngakhale kazana, chifukwa lina linayenda m'misika zaka makumi atatu pamene linzake linagona m'thumba la banki.

Muyeso umene wafala padziko unayamba ndi William Sheldon, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, m'buku lake la mu 1949 lonena za masenti akale amkuwa a dzikolo. Iye anaika manambala kuyambira 1 mpaka 70. Ganizo lake linali la mtengo: khobidi la nambala 70 liyenera kudula ka 70 kuposa lofufutika la nambala 1. Masamu amenewo anatha ntchito msanga, poti msika sumvera munthu, koma manambalawo anatsala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 bungwe la American Numismatic Association linawatenga kuti agwire ntchito pa ndalama zonse za dzikolo. Nambala 4 imatchedwa Good, ndipo dzinali lasokoneza ambiri, chifukwa khobidi la giredi imeneyi limakhala lotha kwambiri, chithunzi chitangotsala mthunzi. Pa 12 ndi Fine, pa 20 Very Fine, pa 40 Extremely Fine, pa 50 ndi limene latsala pang'ono kukhala latsopano. Kuyambira 60 mpaka 70 ndi Mint State, mwachidule MS, kutanthauza khobidi limene silinagwirepo ntchito pamsika. A ku Britain mwachizolowezi amagwiritsa ntchito mawu okha popanda manambala, ndipo nthawi zambiri dzanja lawo ndi louma: chimene Mmereka angachitche Extremely Fine, wamalonda wa ku London akhoza kuchitsitsa.

Kodi woyeza amayang'ana chiyani? Amayamba ndi malo okwera a chithunzi, poti ndi amene amayamba kuperepeseka. Pa makobidi a Kamuzu ndi tsaya, khutu ndi m'mphepete mwa tsitsi. Pa njovu za 20 tambala ndi khutu ndi phewa. Pa chimanga cha 10 tambala mumaona ngati maso a chimangacho akuwerengeka limodzi limodzi kapena asanduka chigamba chosalala. Kenako amayang'ana zipsera, kudindika kwake ngati kunali kwamphamvu, ndi chinthu china chovuta kuchifotokoza mpaka utachiona ndi maso ako. Posula ndalama, chidindo chimamenya chitsulo ndi mphamvu yaikulu moti chitsulocho chimayenderera kuchoka pakati kupita m'mbali, n'kusiya timizere tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mukatenga khobidi latsopano n'kulipendeketsa pang'onopang'ono pansi pa nyale imodzi, kuwala kumazungulira pamwamba pake ngati masipoko a njinga ikamayenda. Kuwala kumeneko ndiye unamwali wa khobidi. Kukachoka sikubwerera. Tsiku loyamba kukuona, pa 1 tambala ya 1971 imene mnzanga wina anaisunga m'envelopu, ndinakhala mphindi zambiri ndikungoitembenuza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwa ndi oona ndendende.

Apa ndi pamene phulusa la mphwanga linalakwira. Kuda kumene kumabwera pa mkuwa kapena siliva m'kupita kwa zaka otolera sakuona ngati litsiro. Ndi khungu limene chitsulo chadzipangira chokha, ndipo likakhala losalala, lofiirira ngati chikopa cha ng'oma yakale, limawonjezera kukongola. Kukwecha kumachotsa khungulo pamodzi ndi timizere tija, n'kusiya mikwingwirima yopita mbali imodzi imene pagalasi lokulitsa imaoneka ngati munda wopalidwa ndi khasu. Makampani oyeza akalandira khobidi lotere salipatsa nambala n'komwe. Amangolemba kuti Details, n'kuwonjezera kuti linatsukidwa, ndipo mtengo umatsika ndi theka kapena kuposa. Lamulo lake ndi losavuta: osatsuka, osapukuta, osapaka mankhwala aliwonse, ngakhale khobidi litaoneka lakuda bwanji. Poligwira, gwirani m'mphepete ndi zala ziwiri, chifukwa thukuta la chala limadya chitsulo n'kusiya chidindo cha chala chimene sichichoka.

Kuti muone kulemera kwa nambala imodzi, tengani dola ya Morgan ya 1884 yosulidwa ku San Francisco. Anasula 3.2 miliyoni, ndipo pafupifupi zonse zinalowa m'misika. Yoperepeseka imagulidwa madola makumi angapo. Ya MS-63 imafika madola masauzande makumi angapo. Pakati pa giredi 58 ndi 60 pali kakukhuzika kochepa pa tsaya, kamene munthu wosazolowera sangakaone, koma pa kakukhuzika kameneko pagona mtengo wa galimoto. Zinthu zikafika pamenepa, mawu a wogulitsa sangakhale okwanira. Kale wamalonda ankagula khobidi akulitcha lotha, mawa lake n'kuligulitsa akulitcha latsopano. N'chifukwa chake mu 1986 kunayambika kampani ya PCGS, ndipo mu 1987 ya NGC, zonse ku America. Mumatumiza khobidi, akatswiri angapo amaliona payekhapayekha, amatsimikiza kuti ndi lenileni, amagwirizana pa giredi, n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatseguka, kokhala ndi nambala imene mungaifufuze pa intaneti.

Sindikufuna kuchepetsa ubwino wa njira imeneyi. Inathandiza kuti munthu wa ku Durban agule kwa wa ku Chicago asanaonanepo. Inachepetsa zachinyengo. Koma inabweretsanso matenda ake, ndipo amene akuyamba ayenera kuwadziwa. Oyeza ndi anthu. Khobidi lomwelo likhoza kupeza 64 lero, 65 mwezi wamawa, ndipo alipo amalonda amene ntchito yawo ndi kuswa timabokosito n'kutumizanso mobwerezabwereza mpaka nambala itakwera. Zotsatira zake, otolera akale ambiri amadandaula kuti magiredi anafewa m'kupita kwa zaka. Mu 2007 kunabadwa kampani ina, CAC, imene inayamba ndi ntchito yoona makobidi oyezedwa kale n'kumata kachizindikiro kobiriwira pa amene ikuona kuti akuyeneradi giredi yawo. Woyeza anafunika womuyeza. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti anthu ambiri anasiya kuyang'ana khobidi, akungowerenga kapepala kali pamwamba pake. Ndinaonapo makobidi awiri a giredi imodzi, lina lokongola moti sufuna kulisiya, lina la mawanga ngati nthochi yakupsa kwambiri. Nambala sinanene zimenezo. Ndipo kwa ife a kuno pali masamu ena osavuta: mukaphatikiza ndalama yoyezetsa, yotumizira kunja, ya inshuwalansi ndi yobwezera, mupeza kuti yaposa kutali mtengo wa pafupifupi khobidi lililonse la m'chitini. Kuyezetsa n'kwa khobidi limene mwatsimikiza kale kuti ndi lodula.

Abale athu amene ali ku Joni akudziwa bwino kumene kukhulupirira pulasitiki kumafikitsa. Mu 2008 South Africa inatulutsa R5 ya nkhope ya Nelson Mandela pokumbukira kuti wakwanitsa zaka 90. Anthu anaima pamizere m'mabanki, amalonda anatumiza zambirimbiri ku America kukayezetsa, ndipo zija zinapeza manambala apamwamba zinkagulitsidwa ma randi masauzande. Koma ndalamayi inasulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo poti aliyense ankaisunga, zatsopano zilipo zosawerengeka. Chaka ndi chaka chiwerengero cha zoyezedwa pa giredi yapamwamba chinkakwera, mitengo n'kumatsika. Banki yaikulu ya dzikolo yakhala ikuuza anthu kuti R5 yotere, yopezeka pa chenji, mtengo wake ndi R5. Komabe mpaka lero pa Facebook mupeza wina akuitsatsa pa mtengo wa nyumba, wina n'kumafunsa kumene angakagulitse yake. Chinthu chimene aliyense anasunga sichingasowe.

Pogula, mdani woyamba ndi khobidi labodza. Masiku ano zabodza zimapangidwa mwaluso, zina zili kale m'timabokosi tabodza tokhala ndi nambala yobedwa ku khobidi lenileni, choncho pofufuza nambala pa intaneti yerekezaninso chithunzi chimene kampaniyo inasunga, chipsera ndi chipsera. Zida zodzitetezera n'zotsika mtengo: kasikelo koyeza mpaka kagawo ka galamu, galasi lokulitsa kasanu kapena kakhumi, choyezera kukula, ndi maginito. Golide, siliva ndi mkuwa sizikakamira maginito. Kulemera ndi kukula kwa khobidi lililonse zinalembedwa m'mabuku monga Standard Catalog of World Coins, limene linayamba kutuluka mu 1972, komanso pa masamba a pa intaneti monga Numista, pomwe ndalama za Malawi, Zambia ndi Chitaganya zilipo ndi zithunzi zake. Kudziwa zaka kumathandizanso. Ndalama zasiliva za Britain zisanafike 1920 zinali ndi siliva magawo 92.5 pa 100, kuyambira 1920 mpaka 1946 theka lokha, ndipo kuyambira 1947 munalibenso siliva. Wina akakuonetsani shileni ya 1950 n'kumati ndi siliva weniweni, mwadziwa kale kuti mwina sadziwa kapena akufuna kukudyerani. Ndipo khobidi lakale lonyezimira mopitirira muyeso lizikukumbutsani chikomekome cha mkuyu.

Mdani wachiwiri ndi mtengo wolembedwa. Aliyense akhoza kuika khobidi pa eBay n'kulemba madola 10,000. Zimenezo sizitanthauza kuti wina analipirapo. Muziyang'ana mitengo ya zimene zinagulidwadi, ndipo nyumba zazikulu za okushoni monga Heritage ku America ndi Spink ku London zimasunga zotsatira za malonda akale poyera. Pa okushoni kumbukirani kuti pamwamba pa mtengo umene mwapambanira pamabwera gawo la nyumbayo, kawirikawiri 20 pa 100 kapena kuposa, osawerengera kutumiza ndi msonkho. Tsiku logulitsa nalonso wamalonda sangakupatseni mtengo wa m'buku, poti naye ayenera kudya. Chenjeraninso ndi ndalama zokongoletsedwa ndi utoto, za zithunzi za nyama kapena anthu otchuka, zopangidwa ndi makampani akunja m'dzina la mayiko ang'onoang'ono. Zilipo zambiri zolembedwa Malawi zimene Mmalawi sanaguleko nazo ngakhale mchere. Zimabwera m'mabokosi okongola ndi zikalata, koma pozigulitsanso ambiri amapeza kuti ogula kulibe.

Kodi ndiye makobidi ndi posungira chuma? Alipo amene anapindula, makamaka amene anagula zosowa zenizeni, akuzidziwa bwino, n'kuzisunga zaka makumi awiri kapena atatu. Koma mu 1989 ku America, anthu a ndalama atayamba kugula makobidi oyezedwa ngati masheya, mitengo inakwera koopsa n'kugwa chaka chotsatira, ndipo ina mwa mitengo imeneyo sinabwererenso. Khobidi silibereka ngati mbuzi, silipereka lendi ngati nyumba. Ine ndimati ndalama ya fizi kapena ya feteleza isayandikire kumeneko.

Chimene ndingalimbikitse ndi chinthu china, chotsika mtengo ndiponso chokoma kuposa. Yalani patebulo ndalama zachitsulo zimene dziko lino lagwiritsapo ntchito, motsatana zaka, ndipo muona mbiri ikuyenda pamaso panu. Za Chitaganya, kuyambira 1955: nyamalikiti pa hafupeni, njovu pa peni, duwa pa tiki, mkango pa sikisipensi, mphalapala pa shileni, nkhwazi itagwira nsomba pa mashileni awiri. Kenako 1964, nkhope ya Mfumukazi ikuchoka, ya Kamuzu ikulowa, yosemedwa ndi Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary: tambala pa sikisipensi, chimanga pa shileni, njovu ndi mwana wake pa mashileni awiri. Mu 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, paundi imodzi kukhala K2, ndipo chimanga chija chinasamukira pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala, kuti anthu asasokonezeke. N'chifukwa chake agogo athu anapitiriza kunena kuti shileni ndi paundi zaka zambiri ndalamazo zitatha. Mu 1986 kunabwera 50 tambala yachitsulo, pambuyo pake K1, chizindikiro choyamba chakuti kwacha yayamba kupepuka. M'ma 1990 nkhope ya Bakili Muluzi inalowa, pambuyo pake chizindikiro cha dziko n'kutenga malo a nkhope. Kunabwera K5 ndi K10 zolemera za zitsulo ziwiri, kenako mu 2012 zing'onozing'ono zopepuka. Ikani K10 ya zitsulo ziwiri m'dzanja limodzi, ya 2012 m'dzanja lina, ndipo mumva ndi khungu lanu zimene akatswiri a zachuma amafotokoza ndi mawu ataliatali.

Kuti mutolere zonsezi simufunika okushoni ya ku London. Mufunika kufunsa agogo, kusinthana ndi anzanu, kuyang'ana m'madilowa a m'magolosale akale. Mukapeza awiri a chaka chimodzi, muwaike pamodzi pansi pa nyale n'kusankha labwinopo, ndipo mukachita zimenezi kambirimbiri diso lanu lidzayamba kuyeza lokha. Posunga, khobidi lililonse likhale palokha, m'kaenvelopu kapepala kapena m'kathumba kopangidwira ntchitoyi, pamalo ouma. Pewani mapulasitiki ofewa aja, chifukwa m'nyengo yotentha amatulutsa mafuta obiriwira amene amadya chitsulo. Pa envelopu lembani chaka, kumene munalipeza, ndi mwini wake woyamba ngati mukumudziwa.

Makobidi a azakhali ndinawasunga onse asanu ndi awiri. Anayi okwechedwa aja anadanso, koma kuda kwake n'kwa mawangamawanga, ndipo pagalasi mikwingwirima ya phulusa ikuonekabe. Mwa atatu enawo, limodzi lili ndi m'mphepete mwa bowo mosalala kwambiri mbali imodzi, pomwe chingwe chinkakhuza. Woyeza wa ku America angalitsitse giredi chifukwa cha zimenezo. Pa envelopu yake ndinalemba dzina la azakhali ndi mudzi wawo, ndi zimene amayi anandiuza nditawaonetsa: kuti azakhaliwo ali mtsikana ankamanga makobidi m'chiuno popita kuchigayo, mtunda wa maola awiri wapansi, ndipo pobwera akatsala ndi peni imodzi ankagula nzimbe n'kugawana ndi ang'ono awo panjira.